Injini Yobiriwira ya ku Malomo

Ku Ntchisi kulibe njanji. Aliyense akudziwa. Ndiye Sajeni Felton Likoswe atauzidwa kuti ku Malomo kwabedwa sitima, anaseka mpaka kutsamwa. Atatha kuseka anakwera njinga.

Anali mwana wa ku Limbe. Anakulira kuseri kwa siteshoni, kumene makoma amanjenjemera sitima ya katundu ikamadutsa. Ntchito ndiyo inamutaya kumapiri kuno, ndipo mapiriwo ankamutopetsa. Chitunda, chigwa, chitunda china. Fodya, chimanga, fodyanso. Mu ofesi sankakhalamo. Pakangomveka mlandu, ngakhale wa mbuzi, iye ulendo.

Anafika dzuwa litakwera. Nyumba ya wobedwayo inali ya malata, yokhayo m'mudzi monsemo. Pakhonde panaima bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, atavala ovolosi yotuwa.

"Ndine Reinford Kachiwanda, bwana. Lowani muone maliro anga."

Anapisa dzanja m'khosi natulutsa chingwe chokhala ndi kiyi. Anatsekula chipinda chakumapeto.

Felton anaima pakhomo.

Tebulo la matabwa linadzaza pafupifupi chipinda chonse, ndipo pamwamba pake panali dziko. Mapiri oumbidwa ndi dothi la pachulu. Mlatho wa nsungwi. Timitengo ta ndere zouma. Phiri lalikulu analizindikira: linali la Ntchisi lomwe, ndi chipewa chake cha nkhalango. Koma ili linali lobooledwa, ndipo m'mphangamo munkatuluka njanji yowonda ngati masipoko a njinga, yonyezimira, yozungulira dziko lonselo.

Pashelefu panandanda mainjini a sitima aang'ono, otalika ngati chitsononkho. Yofiira. Yakuda. Yachikasu ya mphuno yafulati. Pakati pawo panali mpata.

"Ndinagwira ntchito ku njanji ku Bulawayo mpaka msana unakana," anatero Reinford. "Injini yoyamba anandisiyira mzungu wina pobwerera kwawo. Zinazo ndinkasaka ndekha m'masitolo a zakale. Anzanga ankagula masuti. Ine ndinkagula izi."

"Zimayenda?"

Reinford anangomwetulira. Anawerama, nalumikiza waya ku batire la galimoto lomwe linali pansi pa tebulo. Anaika yofiira ija panjanji mosamala ngati akugoneka khanda. Kenaka anapotokola kachitsulo ka pakabokosi koyendetsera.

Injini inang'ung'udza. Kanyali kakutsogolo kanayaka. Inanyamuka, inawoloka mlatho, inalowa m'phiri, inatulukira mbali ina.

Kanthu kanamuluma Felton mumtima. Iye ali mwana ankakankha sitima ya zitini za nsomba m'mphepete mwa mpanda wa siteshoni, alonda akumuthamangitsa. Apa munthu ali nazo zotere, kutchire kuno, atazitsekera ngati mbewu. Dzanja lake linatambasuka lokha.

"Pepani, bwana. Sagwira."

Felton anabweza dzanja. Analipisa m'thumba.

"Yasowa ndi iti?"

"Yobiriwira. Ya dizilo, ngati zija zimakoka katundu ulendo wa ku Beira. Imeneyo ndiye mfumukazi. M'mbali mwake ndinalembamo dzina ndekha, ndi utoto woyera. Rebeka."

"Rebeka ndani?"

"Dzina chabe."

Anayankha msanga kwambiri. Felton anasunga zimenezo.

"Inasowa liti?"

"Lamulungu. Mmawa ndinaipukuta, ndinatseka, tinapita kutchalitchi. Pobwerera, mpata ndi uwo. Loko ali bwinobwino. Zenera lili ndi zitsulo. Ndipo kiyi sachoka pakhosi panga."

"Mukuganizira ndani?"

"Mlamu wanga Obadiya, mlongo wa akazi anga. Ine pano ndine mkamwini, malo ndi awo. Chikhomereni malatawa, munthu uja sagona tulo. Ndinamuuza pamaso, pagulu, kuti ndiwe wakuba."

Felton anagwada. M'miyendo ya tebulo munali kangaude wa zaka. Kuseri kwa batire, fumbi lokhoza kumera mbewu. Koma kuyambira pashelefu mpaka pakhomo, pansi panali posalala. Mizere ya tsache inapindika mwadongosolo, umodzi pamwamba pa unzake, yonse yokhotera kumanzere.

"Amasesa muno ndani?"

"Palibe. Muno mumalowa ine ndekha. Fumbi la pansi lilibe nane kanthu, ine ndimapukuta njanji basi."

Felton asanafunsenso, panja panamveka mawu okuluwika ngati ng'oma.

"Alamu! Ndamva mwandiitanira apolisi. Mwachita bwino. Nanenso ndili nawo oitana anga."

* * *

Obadiya Gwaza anali wamfupi, wa mimba yake, baji ya chipani ili pachifuwa. Anatengera Felton kuchigafa chake cha fodya. Anamupatsa mpando, iye nakhala pamtolo wa nsungwi.

"Ine kuba chidole? Bwana, ndili ndi zidzukulu. Ngakhale iwo anasiya zoseweretsa."

"Lamulungu munali kuti?"

"Funsani mpingo wonse. Wotsogolera nyimbo ndine. Ndikatsekula pakamwa amamva ku Kasakula. Ndimaima kutsogolo kuyambira belu mpaka dalitso, nkhope kuyang'ana anthu."

"Ndiye munaona onse."

"Ndi ogona omwe."

"Anatulukapo ndani?"

"Palibe. Kupatula azimayi a Chigwirizano okaphikira abusa, poti tinali ndi abusa achilendo. Koma alamu anga anali pamenepo, pabenchi ya akuluakulu, khosi lili mbee."

"Khosi lili mbee?"

Obadiya anaseka, mimba ikudumpha.

"Sanakuuzeni? Chaka chatha akulu a mpingo anawaitana. Akuti a Kachiwanda, chingwe chili m'khosicho n'chithumwa? Manyazi ake! Kuyambira pomwepo, Lamulungu amachivula. Kumene amachisiya, ine sindigona nawo nyumba imodzi."

Kenaka kuseka kunazima.

"Tamverani, bwana. Munthu anabwera ndi sutikesi. Tinamupatsa mlongo wathu, tinamupatsa malo. Lero malata ndi ake, alendo onse amathera kwa iye. Aphunzitsi, abusa, ngakhale inu. Kukaona chiyani? Zidole. Ine fodya wanga wokongola chonchi, ndani anabwera kudzamuona? Ndiye pamwamba pake anditche wakuba, pamalo pa amayi anga?"

"Mawu a mkwiyo amenewo. Amatha."

"Ayi. Abweze pagulu, monga anawanenera. Apo ayi, masana ano kuli msonkhano wa chipani pasukulu. Mlembi wa nthambi ndine. Ndiimirira."

"Mukanena chiyani?"

Obadiya anatola tsamba la fodya, naliwongola pabondo pang'onopang'ono.

"Ndikangofunsa. Munthu wochokera kunja. Amadzitsekera m'chipinda. Muli mawaya, muli batire, mumamveka kung'ung'udza. Salola wina kulowamo, ngakhale mkazi wake. Kodi si wailesi ya ukazitape imeneyo? Amalankhula ndi ndani?"

Felton anamuyang'ana m'maso.

"Inu mukudziwa kuti ndi zoseweretsa."

"Ine ndikudziwa. Nanga kundende ya ku Dzaleka akudziwa?"

Felton anaimirira. Anali ataonapo anthu akukwezedwa galimoto pa zifukwa zochepera apa. Funso lotero likafunsidwa pamsonkhano silibwezedwa. Palibe amabwera kudzaona ngati kanyali kakuyaka. Amangobwera kudzakutenga.

Anathamangira kwa Reinford.

"Kapepeseni kwa alamu anu. Pompano."

"Abweze kaye Rebeka."

"Bambo, mukudziwa chimene akufuna kukanena?"

"Anene. Wakuba ndi wakuba."

Amuna awiri, mitu ngati miyala. Ndipo mthunzi unali utayamba kale kutembenuka.

* * *

Felton anamupeza mkazi wa Reinford kuseri kwa nyumba, atakhala pamphasa, akuswa mtedza. Dzina lake anali Eveline, koma onse ankati aNaphiri. Wamng'ono thupi, mpango woyera, maso osathamanga.

"Zikomo, mayi."

"Fikani, bwana."

"Chipinda cha sitima mumachidziwa?"

"Ndimadziwa chitseko chake."

"Simunalowemo?"

"Mitala salowerana m'nyumba. Akazi anzanga ali mmenemo."

Sanaseke. Mtedza unangoti phwa, phwa.

"Lamulungu munali kuti?"

"Kutchalitchi. Mbali ya azimayi."

"Mpaka pomaliza?"

"Mpaka pamene ndinafunika kwina. Abusa sadya nyimbo."

"Rebeka ndani, mayi?"

Dzanja linaima. Linaima kanthawi kochepa, koma linaima. Linali lamanzere.

"Funsani wolemba. Ine sukulu ndinalekeza panjira."

Felton anayang'ana bwalo. Linali loseseka bwino, mizere yopindika, yonse yokhotera kumanzere. Koma mizere ya tsache si umboni. Mkuntho umodzi, yatha. Ankafunika chinthu chogwirika.

Anaganiza. Injini ija payokha ndi chitsulo chakufa. Moto wake umachokera m'njanji, njanji imautenga ku batire. Wakuba wodziwa akanatenga zonse. Uyu anatenga injini yokha. Ndiye atafika nayo kumene anafika, n'kuona kuti siikuyenda, anatani?

Anakwera njinga. Malo a makina m'dera lonselo anali amodzi okha.

* * *

Chigayo cha pa Malomo chinkalira ngati chikufuna kuthawa. Woyendetsa wake, Samueli, anali woyera ndi ufa kuyambira tsitsi mpaka nsidze. Makutu ake anadyedwa kalekale ndi phokoso, choncho ankalankhula mokuwa ngakhale injini itazima.

"Batire? La a Kachiwanda lokha! Ndimawatchajira pano! Munthu wabwino koma woumira! Ndinawapempha ndikaone sitimazo, akuti manja ako ndi a girisi! Ine, woyendetsa injini yeniyeni!"

"Palibe wina wafunsa za batire sabata ino?"

"Palibe!"

"Kapena za waya?"

"Waya wa chiyani? Kuno amafunsa ngati ufa wasalala basi!"

Felton anatembenuka kuti azipita. Samueli anamugwira malaya, nasiyapo chidindo cha zala zoyera.

"Koma zodabwitsa zilipo! Lolemba kunabwera aNaphiri kudzagayitsa! Atamaliza akutulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa! Akuti Samueli, tandithirireko mafuta a dizilo pang'ono!"

"Dizilo?"

"Ndinati mayi, mwagula thirakitala? Akuti ayi, kwathu kuli mlendo, wakana kudya! Ndinaseka! Ndinawathirira! Mlendo wakumwa dizilo, bwana, ameneyo ndi wa mtundu wanji?"

Felton anatuluka m'chigayo. Pamsewu panadutsa lole yodzaza anyamata a chipani a malaya ofiira, akuimba, fumbi lili kobo. Inakhotera kusukulu.

Felton anapalasa njinga ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi.

* * *

ANaphiri anali pamphasa pomwe paja. Mtedza unali utatha. Ankangoyang'ana makoko.

"Mayi," anatero Felton, akupuma mwabefu, "mlendo uja anadya?"

ANaphiri anadzuka, nalowa kukhitchini. Felton anatsatira. Fungo linamupeza asanaone kanthu. Mayiyo anapisa dzanja m'dengu la nyemba natulutsa kanthu kokulungidwa m'chitenje chakale.

Inali injini ija, yokongola ngakhale inali itavulala. Yaitali, yolemera, ya mawindo ang'onoang'ono ngati maso a nsomba. Koma utoto wa m'mbali unali utakwinyika ngati khungu lopsa. Pamene panali dzina panangotsala chiwanga choyererako.

Felton analakalaka kuigwira. Mayiyo sanamupatse.

"Kiyi amausiya m'nsapato yawo yakale, pansi pa bedi," anatero aNaphiri. "Amaganiza sindidziwa. Wosesa pansi pa bedi ndani?"

"Munaitengeranji?"

"Mmawa uliwonse, bwana, asanandipatse moni, amalowa mmenemo. Ndimamva ali kuseri kwa chitseko. Wagona bwanji, Rebeka. Tiye, Rebeka. Mawu ofewa otero ine sindinawamvepo. Ana Mulungu sanatipatse, chabwino. Koma dzina limenelo sanalitole m'sitolo. Ku Bulawayo kuli mwini wake."

Anaitembenuza m'manja.

"Sindinafune kuiwononga. Ndinafuna ndione chimene ali nacho, chimene ine ndilibe. Ndinamuika pansi apa. Sanayende. Ndinamukankha, anakana. Ndinamulankhula, ngati amachitira iwo. Zii. Ndiye ndinati chigayo chimamwa, lole imamwa, uyunso ali ndi njala. Ndinamuthirira pakamphako ka pamwambapa. Kutacha, dzina lapita."

"Munadandaula?"

"Ndinachita mantha. Koma kulira ayi."

"Nanga munasesanji m'chipindamo? Mukanapanda kusesa, sindikanaganiza za inu."

Kwa nthawi yoyamba mawu ake anakwera.

"Litsiro limene lija? M'nyumba mwanga? Ndinangoti ndichotse mapazi anga, koma tsache likalowa m'manja silimva. Akanapanda abusa kudikira, ndikanachotsa ndi kangaude yemwe."

Kusukulu ng'oma inayamba kulira.

"Tengani, bwana. Kaneneni kuti mwaitola kudambo."

"Ndikatero, amuna anu ati Obadiya ndiye anaitayako. Sapepesa. Alongo anu akaimirira pamsonkhano. Mawa kapena mkuja galimoto ifika, ndipo a Kachiwanda akagona ku Dzaleka. Wothetsa izi ndinu nokha."

ANaphiri anayang'ana chitseko cha nyumba yaikulu.

"Akapita," anatero pang'onopang'ono, "chipinda chija ndikhoza kusungiramo chimanga."

Felton sanathe kudziwa ngati mayiyo akuseka.

Mayiyo anamanga mpango wake bwinobwino. Anakulunganso injini ija, natuluka.

* * *

Obadiya anali kale panjira, atavala jekete, nsapato zopolishidwa.

"Achimwene!" anaitana aNaphiri. "Tabwerani kuno kaye."

"Ndachedwa, mlongo."

"Msonkhano sutha lero. Bwerani."

Anabwera. Reinford anali m'chipinda chake, chitseko chili pululu, akupukuta njanji yoyera kale. Atamva mapazi anatembenuka. Mkazi wake anali atadutsa kale pakhomo.

"ANaphiri, muno simu..."

Mayiyo anamasula chitenje pamwamba pa phiri la Ntchisi.

Reinford anatulutsa mawu ngati munthu woponda munga. Anainyamula, anainunkhiza, anapapasa pamene panali dzina.

"Wachita izi ndani? Ndani wamumwetsa dizilo?"

"Ndine. Kiyi ndinatenga m'nsapato. Achimwene sakudziwapo kanthu."

"Inu?"

"Ine. Mkazi wanu wamkulu."

Reinford anayang'ana mkazi wake, anayang'ana chiwanga chija, kenaka pansi. Pamenepo ndi pamene anaona mizere ya tsache.

"Alamu," anatero motsitsa, "ndinakulakwirani. Lamulungu ndidzanena pamaso pa mpingo."

Obadiya sanamve n'komwe. Aka kanali koyamba kulowa m'chipindamo. Maso ake ankayenda pamlatho, pamphanga, pamainjini apashelefu. Nkhope yake inkauma. Zonsezi, pamalo pa amayi ake, iye osaitanidwa.

"Lamulungu n'kutali," anatero. "Msonkhano ndi lero. Ndipo mawayawo ndawaona tsopano ndi maso anga."

Anakonza jekete, natembenuka.

"Taimani," anatero aNaphiri. Anatambasulira mwamuna wake dzanja. "Abambo, muikeni panjanji."

"Sangayende. Mwamupha."

"Muikeni."

Reinford anapukuta timawilo ndi nsalu, kamodzikamodzi. Anaiika panjanji. Anafuna kugwira kabokosi koyendetsera, koma dzanja lamanzere la mkazi wake linali kale pamenepo.

"Amapotokola chonchi?"

"Pang'onopang'ono," ananong'ona.

Injini inang'ung'udza. Inagwedezeka. Inaima. Inatsokomola kamoto kabuluu pansi pa mawilo. Kenaka kanyali kanayaka, ndipo inanyamuka, yopanda dzina, ikununkha dizilo ngati sitima yeniyeni ya pa Limbe. Inawoloka mlatho. Inalowa m'phiri.

"Achimwene, mwaona?" anatero aNaphiri, maso ali pamphanga. "Ngati iyi ndi wailesi, woiyendetsa ndine. Pitani mukaimirire. Koma muyambe dzina langa. Kenaka mudzakafotokoze kwa mbumba yonse kumene mwatumiza mlongo wanu."

Obadiya anatsekula pakamwa. Mawu aja ofika ku Kasakula sanatuluke. Ng'oma inkalirabe kusukulu. Anayang'ana mlongo wake, anayang'ana chitseko. Injini inatuluka m'phiri, ndipo maso ake anaitsatira osafuna.

Anavula jekete, naliika paphewa.

"Mutu ukundiwawa," anatero. "Akalembe wina lero." Anasendera pafupi ndi tebulo. "Yachikasuyo nayo imalowa m'phirimo?"

ANaphiri anatambasulanso dzanja, chikhatho m'mwamba. Reinford anamvetsa. Anavula chingwe m'khosi. Mkazi wake anachivala, kiyi nagwera pa bulauzi.

Felton anapuma. Panalibe womangidwa, panalibe wopita ku Dzaleka. Kunatsala zitunda za panjira yobwerera ku boma, ndi ofesi ija. Injini yobiriwira inkabwera mbali yake, pang'onopang'ono, kanyali kali ngwee. Inafika pamphuno pake penipeni. Dzanja lake linatuluka m'thumba.

"Pepani, bwana," anatero aNaphiri. "Sagwira."